Dainess ndi Bampala Yotuwa

Basi inafika ku Kabwe kutada kale.

Dainess anatsika. Amayi ake anatsikanso. Miyendo inali itauma. Kuchokera ku Chipata ndi kutali. Basi, msewu. Basi ina, msewu wina.

Dainess anali asanafikepo ku Kabwe. Anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Anthu ankalankhula Chibemba. Magalimoto ankaliza mahutala. Chapatali sitima inalira.

Dzanja limodzi anagwira amayi. Dzanja lina analipisa m'thumba. M'thumbamo munali labala wake wofufutira. Anali watsopano, woyera, wosavula pepala. Dainess ankamusungira tsiku lotsegulira sukulu.

Dainess anabwera ndi khumbo limodzi basi. Ankafuna kutenga agogo ake aamuna, a Philimon. Ankafuna akakhale nawo ku Chipata.

Agogo ankakhala okha. Agogo aakazi anamwalira chaka chatha. Mawondo a agogo ankapweteka. Maso sankaonanso bwino msewu.

"Tigona usiku umodzi chabe," anatero amayi. "Mawa m'mawa tinyamuka. Lolemba ndili ku ntchito."

"Pa basi?"

"Ayi. Pa galimoto ya agogo. Ndiyendetsa ine."

"Agogo akhala kutsogolo?"

"Kutsogolo."

"Ine kumbuyo?"

"Iwe kumbuyo, ndi katundu."

Anakwera takisi. Takisi inadutsa pa njanji. Gudu, gudu. Inalowa m'dera la Railways. Nyumba zonse zinali zofanana. Kumeneko n'kumene agogo ankakhala, poti ntchito yawo kale inali ya sitima.

Agogo anali pageti ndi ndodo yawo.

"Tryness, mwana wanga. Wafika."

"Tafika, adadi," anatero amayi.

Agogo anayang'ana Dainess. Anatsegula pakamwa. Anatsekanso. Kenako anamusisita pamutu.

"Ndi iwe, mdzukulu. Wakula."

Dainess ankadziwa chifukwa chake. Dzina lake linali la agogo aakazi. Iwonso anali a Dainess. Chimwalirireni iwo, agogo sanalitchulenso dzinalo. Pa foni ankati mdzukulu. Pagetinso anati mdzukulu.

M'nyumba munali tiyi ndi mabanzi. Pa mpando panali sutikesi. Inali yotsegula. Munalibe kanthu, ngakhale sokosi imodzi.

"Adadi, simunalongedze?" anafunsa amayi.

"Sindipita."

"Koma pa foni munavomera."

"Pa foni ndi pa foni."

"Manje chavuta n'chiyani?"

Agogo anaviika banzi m'tiyi. "Galimoto siingatuluke pageti ili choncho. Ndipo ine popanda galimoto sindichoka."

"Yawonongeka?"

"Imalira bwino. Ndimailiza Loweruka lililonse."

"Nanga?"

Agogo anangotafuna.

Dainess anaimirira. Anasiya banzi lake. Anatuluka kukaona galimotoyo.

Inali pansi pa mtengo wa mango. Babu la pakhonde linkaiunikira. Dainess ankaidziwa bwino. Inali yabuluu. Inkabwera ku Chipata pa Khirisimasi, agogo awiri ali kutsogolo.

Penti inali phuliphuli, ngati kale. Koma bampala ayi. Kale inali yakuda bii. Tsopano inali mbuu. Lamba wa pulasitiki wa m'zitseko analinso mbuu. Kuseri kwa magalasi a m'mbali, mbuu. M'mphepete munali timadontho toyera.

Kwa, kwa, kwa. Ndodo ya agogo inabwera kumbuyo kwake.

"Agogo, galimoto yamera imvi."

Agogo anaseka pang'ono. "Yatengera mwini wake."

"Bwanji simupukuta apa?"

"Apo si panga. Ine ntchito yanga ndi penti."

"Nanga zakudazi?"

"Zakuda zinali za agogo ako."

Agogo anakhala pa kampando. Anatambasula mwendo umodzi.

"Loweruka lililonse tinkatuluka awiri. Ine m'mwamba, iwo m'munsi. Ine penti, iwo pulasitiki. Ankagwira uku akuimba nyimbo za kutchalitchi. Ankaphonya mawu, koma ankaimba."

"Ndiye?"

"Ankati bampala yotuwa ili ngati munthu wavala suti, koma miyendo sanadzole mafuta. Sankalola kuti galimoto ituluke pageti ili choncho. Ngakhale kupita kumsika."

Amayi anali pakhomo. Anamva zonse.

"Aa, adadi. Nkhani yake ndi imeneyi? Dikirani."

Analowa m'nyumba. Anatuluka ndi polishi wakuda wa nsapato.

Agogo anakweza ndodo. "Iyayi."

"Koma ndi wakuda."

"Ndinayesapo ine. Amayi ako anatsamira pabampala, atavala bulauzi yoyera ya Chigwirizano. Kumbuyo konse kunada. Anandinyanyala mpaka madzulo."

Dainess anaseka. Amayi analowanso. Anatuluka ndi botolo la mafuta ophikira.

"Nanga saladi?"

"Iyayi. Galimoto si kapenta."

"Ena amapaka."

"Amapaka, inde. Lero iwala. Mawa fumbi lonse la Kabwe limata pamenepo. Mkuja nyerere."

Amayi anaika botolo pansi. "Ndiye tichite bwanji, adadi?"

"Isiyeni. Mwini ntchito palibe."

Amayi anapukuta diso ndi chitenje.

"Chabwino," anatero motsitsa mawu. "Mawa tikwera basi. Awiri."

Analowa m'nyumba.

Dainess sanalowe. Anakhala pansi, pafupi ndi mwendo wa agogo. Sitima inaliranso. Agogo anamvetsera mpaka inatha.

"Agogo."

"Hmm."

"Dzina langa anandipatsa ndani?"

"Agogo ako. Anakunyamula uli kakhanda. Anati, uyu atenge langa."

"Ndiye dzina anasiyira ine."

"Eya."

"Nanga ntchito anasiyira ndani?"

Agogo anayang'ana galimoto. Anayang'ana manja a Dainess. Anayang'ananso galimoto. Tsamba la mango linagwa pa denga lake.

"Pita kuchipinda," anatero. "Pansi pa bedi pali chitini cha mabisiketi."

Dainess anathamanga. Anabwera nacho. Chinali ndi fumbi pamwamba. Anachitsegula.

Munalibe mabisiketi. Munali mswachi wakale. Munali kasiponji. Munali kansalu, kodulidwa ku chitenje cha agogo aakazi. Munali kabotolo ka mafuta a pulasitiki. Pakona panali kalabala kakale.

M'chitinimo munkanunkhira sopo wa agogo aakazi. Agogo anapumira m'mwamba.

"Choyamba ndi madzi a sopo," anatero. "Fumbi lichoke."

Dainess anatunga madzi m'beseni. Anaika sopo. Anagwada patsogolo pa galimoto. Anatsuka bampala. Madzi anasanduka ofiirira.

"Tsopano mswachi. Gwira pulasitikiyo. Ukumva bwanji?"

"Ali ngati khungu la lalanje."

"M'timaenje timeneto ndi mmene mumabisala fumbi. Zungulira, zungulira."

Dainess anayamba kukwecha mwamphamvu. Thovu linamuthovukira pamphuno.

"Pang'onopang'ono," anatero agogo. "Pulasitiki safuna phuma."

Dainess anachepetsa. Zungulira, zungulira. Shwe, shwe, shwe.

Agogo sangagwade. Dainess angagwade. Agogo sangaone pansi pa bampala. Dainess angaone. Analowetsa mutu mpaka pafupi ndi tayala.

Fumbi linachoka. Koma timadontho toyera sitinachoke. Anatsuka. Tilipo. Anakwecha. Tilipobe.

"Agogo, iti takana."

"Ameneyo ndi polishi wanga wa penti. Dzanjali limanjenjemera. Limadumpha malire. Agogo ako ankati, a Philimon, mwalowanso m'munda mwanga."

"Ankachotsa ndi chiyani?"

"Ndi labala."

Dainess anatenga kalabala kakale. Kanali kouma gwa. Anakakhuza pabampala. Kanathyoka. Anakhuzanso. Kanayoyoka ngati nyenyeswa za buledi.

Agogo anayang'ana nyenyeswazo pansi. Nkhope yawo inagwa.

"Basi," anatero. "Mashopu atseka. Mafuta sangabise timadontho timeneti. Tseka chitini, mdzukulu."

Dainess sanatseke. Dzanja lake linalowa m'thumba.

Labala wake anali momwemo. Watsopano. Woyera. Ngakhale mnzake Mwiza anapempha kuti angomugwira, Dainess anakana.

Anamutulutsa. Anamuyang'ana. Anayang'ana zenera. M'nyumba sutikesi inali ikadali kukamwa yasa.

Anavula pepala.

"Ameneyo si wa kusukulu?" anafunsa agogo.

"Ndi wa kusukulu."

"Atha."

"Ndilemba bwino. Sindiphonya."

Agogo anatsokomola. Anamupatsa kansalu. "Umitsa kaye. Labala safuna madzi."

Dainess anaumitsa. Anafufuta kadontho koyamba. Fu, fu, fu. Kanachoka. Anafufuta kachiwiri. Kanachokanso.

Labala anada kumutu. Anayamba kuchepa.

Amayi anatuluka. Anaima pakhonde. Anaona mwana wawo ali chogwada. Anaona agogo akuloza ndi ndodo, apa, apo.

"Ndingathandizeko?" anafunsa.

"Usafunse ine," anatero agogo. "Funsa mwini ntchito."

Dainess anaganiza kaye.

"Amayi, inu tsukani bampala ya kumbuyo."

"Chabwino, bwana."

"Koma pang'onopang'ono. Pulasitiki safuna phuma."

Amayi anaseka. Agogo anasekanso, mpaka ndodo inagwa.

Amayi ankatsuka. Dainess ankafufuta. Agogo ankaloza. Kutsogolo. M'zitseko. Kumbuyo. Fu, fu, fu.

Labala anali ngati kabokosi ka machesi. Kenako anali ngati switi. Pomaliza anatsala ngati mtedza umodzi.

Timadontho tonse tinatha.

Dainess anatenga kabotolo. "Tsopano mafuta?"

"Ayi. Iume kaye bwinobwino. Madzi ndi mafuta sagwirizana."

Dainess anadikira pang'ono. Mphepo inaomba. Bampala inayamba kuuma. Pamene panauma panatuwanso. Mbuu, ngati poyamba.

"Agogo, imvi zabwerera."

"Kagone, mdzukulu."

Dainess anasamba m'manja. Anadutsa pa sutikesi. Inali ilibe kanthu.

Anagona pafupi ndi amayi.

"Amayi, agogo apita nafe?"

"Sindidziwa, mwanawe."

"Akakana?"

"Akakana, basi ilipo."

Dainess anafumbata kalabala kake. Anagona nako m'manja.

Go, go, go. Ndodo inagogoda pachitseko.

"Mdzukulu. Dzuka, dzuwa lisanatuluke. Pulasitiki akatentha samwa mafuta."

Kunja kunali kozizira. Kumwamba kunali kutayamba kuyera. Tambala wa oyandikana nawo analira. Galimoto inali youma. Bampala inali yoyera bwino, koma yotuwa.

Agogo anagwedeza kabotolo pafupi ndi khutu. Chuku, chuku.

"Atsala pang'ono. Usataye."

"Ndithire angati?"

"Kadontho ngati nyemba. Pa siponji, osati pa galimoto."

Dainess anathira kadontho. Anagwada. Anapaka pakona pa bampala.

Anaima. Anayang'anitsitsa.

Pamene siponji inadutsa panali bii. Mbali iyi mbuu, mbali iyo bii.

"Agogo, taonani!"

"Ndikuona."

"Mwati maso saona."

"Izi akuona."

Dainess anapaka. Kadontho, paka. Kadontho, paka. Imvi zinkathawa patsogolo pa siponji.

"Penti usaikhudze. Umo ndi m'munda mwanga."

"Sindilowamo."

"Galasinso ayi. Amayi ako sangaone msewu."

Akapaka, ankadikira pang'ono. Kenako ankapukuta ndi kansalu ka chitenje. Agogo anati mafuta otsala pamwamba amaitana fumbi.

Bampala ya kutsogolo, bii. Lamba wa m'zitseko, bii. Bampala ya kumbuyo, bii. Kuseri kwa galasi la kumanja, bii.

Dainess anayamba kung'ung'udza nyimbo ya ku Sande sukulu. Mawu ena anawaiwala. Anangoimba choncho. Agogo anatembenukira kumbali. Anatulutsa mpango m'thumba.

Panatsala malo amodzi. Kuseri kwa galasi la kumanzere. Mbali imeneyo n'kumene kunkakhala agogo aakazi.

Dainess anapendeketsa kabotolo. Anadikira. Anagogoda kumbuyo kwake. Kadontho kamodzi kanagwa. Komaliza.

Dainess sanapake. Anapita kwa agogo.

"Agogo, apa pakani inu."

"Si panga."

"Mwini ntchito wanena."

"Dzanja langa limanjenjemera."

"Ndiligwira ine."

Agogo anatsamira ndodo. Anaimirira. Kwa, kwa, kwa, mpaka pa galasi.

Siponji inali m'dzanja la agogo. Dzanja la agogo linali m'manja mwa Dainess. Linkanjenjemera. Dainess analigwira ndi manja onse awiri.

"Pang'onopang'ono," anatero Dainess.

"Pulasitiki safuna phuma," anamaliza agogo.

Anapaka. Zungulira, zungulira. Dzanja silinadumphe malire.

Bii.

Agogo anawerama. Anayang'ana m'galasimo.

"Umu ndi mmene ankakonzera duku," anatero. "Tikafika pa tchalitchi, ankati dikirani kaye."

M'galasimo munali nkhope ziwiri. Ina ya imvi. Ina yaing'ono, ili ndi mafuta pamphuno.

Agogo anayang'ana nthawi yaitali.

Amayi anatuluka ndi chikwama paphewa. Anaima pakhonde.

Agogo anaweramuka. Anazungulira galimoto yonse. Kutsogolo. M'mbali. Kumbuyo. Anafikanso pomwe anayambira.

"Dainess."

Dainess anatembenuka. Amayi anagwira pakamwa.

"Dainess," anateronso agogo, ngati akulawa dzinalo. "Miyendo yadzola mafuta. Katenge sutikesi."

Dainess anathamanga. Nsapato imodzi inatsala panjira.

Analongedza atatu. Amayi anapinda malaya. Dainess anasaka masokosi. Agogo anaika Baibulo. Anaika chipewa chawo cha ku sitima. Anaika duku la agogo aakazi. Anafunanso kuika ketulo.

"Adadi, ku Chipata ketulo iliko."

"Iyi imadziwa tiyi wanga."

Ketulo inalowa.

Agogo anatseka nyumba. Kiyi anapatsa a Carol, oyandikana nawo. A Carol anasuzumira pa mpanda. Anaitana agogo m'Chibemba.

"Ba shikulu, motoka iyi mwagula liti?"

"Ndi yomwe ija."

"Awe. Yabwerera utsikana."

"Funsani uyu," anatero agogo, akuloza Dainess.

Dainess anatsuka mswachi. Anafinya siponji. Anapinda kansalu. Zonse anabwezera m'chitini. Pomaliza anaikamo kalabala kake, kaja katsala ngati mtedza. Anatseka. Anapereka kwa agogo.

Agogo anakankhira chitini kwa iye.

"N'chako. Kabotolo katsopano tikagula panjira."

Amayi analiza galimoto. Agogo anakhala kutsogolo, kumanzere. Dainess anakhala kumbuyo, ndi katundu. Chitini chinali pamiyendo pake.

A Carol anatsegula geti. Dzuwa linali likungotuluka. Galimoto inatuluka.

Agogo anayang'ana nyumba m'galasi la kumanzere. Inachepa. Inachepa. Inabisika kuseri kwa mtengo wa mango.

"Dainess."

"Agogo?"

"Ku Chipata Loweruka liliko?"

"Liliko, agogo. Mlungu uliwonse."

"Ndiye ine m'mwamba."

"Ine m'munsi."

Anafika pa njanji. Gudu, gudu. Kutsogolo kunali kamsewu ka fumbi. Amayi anaponda moto.

"Amake Dainess," anatero agogo.

"Amayi," anatero Dainess.

"Ndamva, ndamva," anatero amayi, akuseka. "Pang'onopang'ono."